Pansi pa buti panalibe sipeya

Mwana wathu wachitatu atabadwa, kagalimoto kathu kakale kanatichepera. Popita kumudzi kwa akazi anga ku Dowa, ana ankapanikizana ndi zikwama, ndipo apongozi akafuna kukwera nafe wina ankayenera kutsala. Tinagwirizana zofuna galimoto ya mipando isanu ndi iwiri, yokwera m'mwamba kuti isamakhule pansi pamsewu wafumbi. Mayi a kunyumba anapempha zinthu zitatu zokha: tikwanemo tonse, inyamule katundu, itifikitse. Kusankha anandisiyira ine.

Madzulo ndinkakhala pafoni kuyerekeza ma SUV apakatikati amene amatchuka kuti ndi apamwamba, monga Lexus RX, Volvo XC90, Audi Q7, BMW X5 ndi Mercedes-Benz GLE. Ndinaphunzira kuti yochokera ku Japan imatsikira padoko la Dar es Salaam n'kudzalowera pachipata cha Songwe, ndipo msonkho wake umakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimotoyo. Masamu amenewa anandifooketsa. Choncho nditamva kuti munthu wina mu Lilongwe momwemo akugulitsa yake, ya nambala za konkuno, ndinathamangirako.

Nditangokhala pampando woyendetsera, galimotoyo inanditenga mtima. Mipando yachikopa yosuntha ndi batani, denga lagalasi, kamera yoonetsa kumbuyo, ma airbag mbali zonse, ngakhale tizitsulo tokolekera mpando wa khanda. Ndinaiyesa ndekha pamsewu wa tala kuchokera ku Area 18 kukafika ku Kanengo, mkatimo muli zii. Makaniko anaiika pakompyuta nati injini ili bwino. Ndinatsegula buti, mipando yakumbuyo ili yopinda, ndipo ndinaona malo oti n'kugonamo munthu. Kapeti ya pansi pa butiyo sindinaitukule. Zolembedwa m'mbali mwa matayala sindinaziwerenge. Akazi anga anaiona galimotoyo ndalama nditapereka kale.

Ulendo wake woyamba wautali unali wobweza apongozi kumudzi. Anabwera mumzinda kudzaonana ndi madokotala chifukwa cha miyendo imene inkawatupa, ndipo ndinkafunitsitsa kuti abwerere mwaulemu, osadzigwedeza m'minibasi. Mavuto anayambira pakhomo. Titadzutsa mipando iwiri yakumbuyo, buti lija linatha, kunangotsala kampata ka zikwama ziwiri. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 lomwe tinawagulira linakana kulowa, tinalisiya pakhonde. Shuga, sopo ndi mafuta ophikira zinakhala pamiyendo ya anthu. Mwana wathu wamkulu anakhala kumbuyo mawondo atafika pachifuwa, ndipo kuti atuluke pankafunika kuyamba kusuntha mpando wapakati.

Pa M1 galimoto inachita zimene anaipangira. Tinadutsa Lumbadzi ndi Mponela khanda lili mtulo, apongozi akuyamika kamphepo kozizira. Titapatukira msewu wafumbi cha ku Madisi zinthu zinasintha. Mvula inali itakumba ngalande n'kusiya miyala pamtunda, ndipo mwala uliwonse unkamveka m'msana. Pamalo ena otsetsereka ndinangomva phwa! Chiwongolero chinalemera, nyali yachikasu n'kuyaka padashibodi. Tayala lakutsogolo linali litang'ambika m'mbali, rimu n'kupindika pamlomo.

Ndinauza anthu kuti asade nkhawa, tisintha msanga. Tinatsitsa katundu yense pafumbi, ndinapinda mipando, n'kutukula kapeti ija. Pansi pake panali kabokosi kosaya, mopanda kanthu. Sipeya panalibe, jeke panalibe. Ndinagwada kusuzumira kunsi kwa galimoto, mwina sipeyayo anamumangirira kumeneko. Kunalibenso.

Chifukwa chake ndinachidziwa pambuyo pake. Magalimoto ambiri a mtundu umenewu amachoka kufakitale ndi matayala otchedwa run-flat, olimba m'mbali, oti akaphwa umatha kuyendabe makilomita pafupifupi 80 pa liwiro losapitirira makilomita 80 pa ola. Opanga amaona kuti sipeya n'ngosafunika, malo ake amawapereka ku mipando yowonjezera. Kwawoko, mtunda umenewo umakufikitsa pagalaja. Koma matayalawa ndi odula, ndipo amene anandigulitsa galimotoyo oyambawo atatha anaikamo wamba. Ndinanyamula banja langa pa matayala wamba anayi opanda lachisanu, ndipo zonsezi zinali zolembedwa poyera pamphira, ine osawerenga.

Ndinakwera kabaza wanjinga yamoto kukatenga womata matayala pa Madisi. Mnyamatayo anabwera ndi jeke wake, nagwada, nalowetsa chala pamene panang'ambika. “Bwana, likang'ambika m'mbali silimatika ayi. Komanso mphira wake ndi wochepa kwambiri, n'chifukwa chake mwala wafika mpaka parimu. Saizi 20 imeneyi kuno simuipeza, mwina mutauni.” Linali Loweruka madzulo, masitolo a mutauniwo atatseka.

Chimene chimandipwetekabe si ndalama. Ndi apongozi, mayi wachikulire wodwala miyendo, atakhala pachitenje pansi pa mtengo wa mango, khanda likulira pamiyendo pawo, madzi akumwa atatha. Sanadandaule. Anangouza mwana wawo chapansipansi kuti, “Auzeni bambowa asavutike mtima, ulendo ndi choncho.” Akazi anga anabwera pamene ndinaima nandifunsa modekha, “Bambo a ana, kodi mwini galimotoyu munamufunsa zotani?” Ndinakumbukira kuti ndinafunsa za wailesi, za denga lagalasi ndi za mtunda umene yayenda. Za tayala sindinafunse.

Anthu a m'mudzi wapafupi ndiwo anatipulumutsa. Bambo wina anamanga ng'ombe zake, nayala mphasa m'ngolo, ndipo apongozi, akazi anga ndi ana anafika kwawo usiku. Ine ndinagona m'galimoto kuilondera, mpaka mng'ono wanga atatumiza tayala ndi rimu pa minibasi masitolo atatsegula.

Zotsatira zake zinapitirira. Makaniko anandiuza kuti galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi safuna tayala latsopano mbali imodzi, lakutha mbali inayo, ndiye ndinagula awiri. Zipangizo zake zambiri n'zoitanitsa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Ndinagulanso sipeya ndi jeke. Popeza sipeyayo alibe malo ake, amakhala m'buti, ndipo akakhalamo mipando iwiri yakumbuyo sidzuka. Paulendo wautali tsopano timakwanamo anthu asanu okha.

Galimotoyo payokha ndi yabwino, mabuleki ake ndi odalirika, ndipo pa tala ana amayenda motetezeka. Kungoti ndinaiyesa pamsewu umene sinkandivuta, ndili ndekha, buti lili lopanda kanthu, pamene inkagulidwa chifukwa cha anthu asanu ndi mmodzi, katundu wawo ndi msewu wa kumudzi.

Mnzanga wa kuntchito atandiuza kuti akufuna yotereyi, sindinamuletse. Ndinamuuza kuti tsiku loiyesa atenge akazi ake, ana ndi mpando wa khanda, adzutse mipando yonse, aikemo thumba la chimanga, ndipo atsike pa tala ayende pafumbi. Atukule kapeti ya buti, agwire sipeya ndi jeke ndi manja ake. Ngati pali zosankha, atenge ya rimu yaing'ono ndi mphira wochindikala. Kenako alembe saizi ya tayalalo papepala, aimbire womata matayala wa kwawo, amufunse ngati amalipeza. Akayankha kuti ayi, ndalama zikhale kaye m'thumba.