Walira mvula, muvi wakwera

Kutentha kwa Okutobala kwadzutsanso mkangano wakale m'magalaja. Mwini HiAce yokalamba walipira rediyeta, pampu ndi thermostat zatsopano, koma asanafike patali muvi wa geji, umene zaka zonsezi unkagona pafupi ndi C, wadzuka n'kukaima pakati. Iye akuti amakaniko amudyera ndalama. Ine ndikuti walira mvula walira matope, ndipo amene anapeka mwambiwu ayenera kuti anali ndi sipanala m'thumba.

Muvi wogona uja sunali umboni wa thanzi. Maminibasi ambiri akale anawachotsa thermostat, pa nzeru yakuti kanthuko n'ka ku Japan kozizira, osati ka ku Nsanje. Ena ali nako, koma kanafa kali chotsegula. Madzi amangozungulira popanda wowaletsa, injini n'kumachedwa kufika pa kutentha kumene anaipangira, ikumwa dizilo ngati yatumidwa, ikudyeka m'kati mwakachetechete, mwini wake akuitama kuti siitentha. Thermostat yatsopano, ngati ija yolembedwa 82, imatsekereza madzi mpaka afike madigiri amenewo, kenako n'kuwalola kupita ku rediyeta. Choncho muvi ukakwera n'kukhazikika pakati, pachigwa ndi pachitunda pomwe, ndiye kuti mvula yagwadi. Munthuyu amafuna chimanga, koma nsapato zikhale zoyera.

Wina anganene kuti mwambiwu ndaupatsa amakaniko aulesi kuti abisalemo, ndipo sindingamutsutse kotheratu, chifukwa matope ndi chigumula n'zosiyana. Muvi ukamavina, kukwera n'kutsika, hita ikuuzira mphepo yozizira injini ili moto, ndiye kuti mpweya unatsekeredwa pothira madzi, ndipo amene sanautulutse ndi yemwe walandira ndalama uja. Pali kenanso kamene anthu amakanyozera. Munthu amagula rediyeta yatsopano n'kubwezerapo chivindikiro chakale, labala yake itang'aluka, pofuna kupulumutsa timakwacha. Komatu chivindikiro cholembedwa 0.9 ndicho chimachititsa kuti madzi, amene mumphika amawira pa madigiri 100, apirire mpaka kuyandikira 120. Chikalephera kugwira, galimoto iwira pa chitunda chochokera ku Chikwawa, kondakitala n'kuyamba kuthamanga ndi chigubu, okwera akhala pamwamba pa injini aja akuotcheka ngati mbatata. Ikamatentha pamdipiti wa m'tauni koma n'kuzizira ikathamanga, funsani fani. Koma thovu likamatuluka mu rediyeta osaleka, madzi akuchepa popanda podontha, gasiketi inapsa kale, mwina ndiyo inayambitsa zonsezi, ndipo rediyeta yakale munaitaya ija inafera mlandu wa eni.

Chomwe sindingavomere ndi mankhwala amene ambiri amathamangira, oti aichotsenso thermostat kuti muvi ugone, mtima ukhale pansi. Kumeneko n'kupempha chilala chifukwa chodana ndi matope. Geji ya galimoto yokalamba nayonso imanama, makamaka ngati sensa asinthanso, ndiye pemphani amakaniko ayeze kutentha kwenikweni pa injini pomwepo musanayambe kukalipa. Akapeza kuti kuli cha m'ma 80 kapena 90 ndipo sikukusuntha, apatseni ndalama zawo ngati zinatsala. Ndipo mkangano ukakula bwanji, musatsegule chivindikiro injini ikadali yotentha kuti muwaonetse umboni.