Kankhosa ka ku Texas kandiposa ulemu

Ku America, makamaka m'madera monga Texas, Oklahoma ndi Iowa, kuli mabanja amene ntchito yawo, kuyambira agogo mpaka zidzukulu, ndi kuswetsa nkhosa za pachionetsero. Tiana ta nkhosato amagulitsa kwa ana a sukulu a m'magulu a zaulimi otchedwa 4-H ndi FFA, anawo amatilera miyezi ingapo, kenako n'kukaima nato pamaso pa woweruza. Munthu ngati ine, amene nkhosa ndimaidziwa ikakhala m'mbale basi, sindichedwa kunena kuti anthuwa chuma chawazunguza mitu. Koma nkhaniyi ndaisinkhasinkha mofatsa, abale anga, ndipo ndapeza kuti pakati pa ine ndi kankhosako, wofunika kumumvera chisoni ndine.

Tiyambe ndi kasamalidwe. Kankhosa kamadya chakudya choyezedwa pa sikelo m'mawa ndi madzulo, pomwe ine nsima ndimayeza ndi maso, ndipo maso angawa ndi owolowa manja. Amakathamangitsa pa makina kuti minofu ilimbe. Ine kuthamanga ndimakukumbukira ndikaona wangongole akutulukira pakona. Amakasambitsa ndi shampu, kukaumitsa ndi makina opemerera mphepo, kukameta mpala thupi lonse n'kusiya ubweya wa m'miyendo wokha, womwe amaupesa mpaka kuchita wefuwefu, kenako n'kukaveka bulangete kuti kasade. Kukamwa amakaveka chophimba kuti kasamatole utuchi wa m'khola. Chipangizo chimenechi akanandiveka ine tsiku la malipiro, bwenzi pano ndili ndi nyumba ya malata. Za makolo ndiye musanene. Bambo wake ndi mphongo yosankhidwa, yodziwika ndi dzina, ndipo nthawi zina saonana n'komwe ndi mayi wake chifukwa mbewu amachita kuika ndi dokotala wa ziweto. Ine mzere wa makolo anga umathera pa agogo aja amati anachokera kutsidya kwa mtsinje, mtsinje wake uti palibe akudziwa.

Wina anena kuti kumeneku ndi kuwononga ndalama. Taonani masamu ake. Mu 1942 dziko la America linali ndi nkhosa zokwana 56 miliyoni, lero zatsala pafupifupi 5 miliyoni, kusonyeza kuti ubweya ndi nyama zokha zinasiya kudyetsa mabanja ambiri. Banja lomwe likugulitsa kankhosa kamodzi pa mtengo wa nkhosa wamba zingapo lapeza njira yoti famu ya agogo isagulitsidwe. Ngakhale ku Scotland nkhani ndi yomweyo: mu 2020, ku Lanark, kamphongo ka mtundu wa Texel kotchedwa Double Diamond kanagulidwa mapaundi 367,500. Pa chionetsero cha ku Houston, chomwe chinayamba mu 1932, kankhosa kopambana kamagulidwa madola zikwi mazanamazana, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limapita ku thumba lolipirira ophunzira sukulu. Tsono nkhosa ikuphunzitsa ana a eni. Ine mutandiika pa okushoni ndi jekete langa la pakaunjika, wogula angafunse kaye ngati jeketelo likugulitsidwa palokha.

Winanso ati zonsezi ndi matama ndi chinyengo, popeza m'bwalo mwana amatsamiritsa chifuwa cha kankhosa pa mwendo wake kuti kakankhe, minofu n'kukungika. Apa ndikuvomereza kuti luso limeneli ndimalidziwa bwino, chifukwa nanenso ndimabweza mimba m'kati akamajambula chithunzi. Kusiyana kwake n'kwakuti woweruza sakhutira ndi maso. Amagwira msana, amapapasa nthiti ndi ntchafu, ndipo mafuta obisala pansi pa chikopa amawapeza ndi zala. Mwana amene ankagona mpaka dzuwa kutentha m'malo modyetsa kankhosa kake amagwidwa pomwepo, anthu onse akuona. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, koma m'bwalo limeneli nyimbo sigwira ntchito. Mayeso otere atabwera kwa ife abambo a m'tauni, zala za woweruza zingalowe m'chiuno mwangamu osapeza pomwe fupa layambira.

Chotsutsa chomaliza ndiye cholemera, ndipo sindichithawa. Tinkhosa tambiri ta mpikisanowu tikatsika m'bwalo timapita kokaphedwa, riboni ili kwa mwana, nyama ili kwa butchala, ndipo ana ena amalira potsanzikana nato. Pamenepa ndiye pokhapo pomwe ndikukaposa kankhosako: iko shampu ndi bulangete zimathera pa mpeni kasanakwanitse chaka, ine ndi sopo wanga wochapira ndikadali pano. Komabe musathamangire kundiombera m'manja. Iko kamachoka katasiya ndalama za sukulu, dzina pa chikwangwani cha famu, ndi mwana wodziwa kudzuka m'bandakucha. Ine chomwe chandipulumutsa n'chakuti palibe woweruza amene angandione kuti ndakwana kudyedwa.