Lavenda wa Sitandade 5

Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri kozizira. Boma litanditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, chakufupi ndi Chia, abale anandichenjeza za malungo, za kutentha, ndi za ng'ona. Za mphuno yanga palibe anatchulapo.

Ana a kunyanja amadzuka kudakali mdima. Asanabwere kusukulu, ambiri amakhala atayamba athandiza makolo kuyanika usipa pathandala, ena atavuula chinangwa cha kondowole chomwe chakhala m'madzi masiku angapo. Kusamba amasamba ndithu, nyanja ili pakhomo, koma usipa suchoka msanga m'manja ndi m'yunifolomu. Unduna umati mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Anga anali opitirira 100, m'chipinda chamalata chomwe mawindo ake ndi zibowo za njerwa. Pofika 10 koloko ndinkaphunzitsa masamu nditaima pakhomo, ana n'kumati Sala amakonda kamphepo.

Lachisanu lina a hedi analengeza kuti Lolemba kubwera a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, kudzaonerera maphunziro, ndipo adzayambira kalasi yanga. Sikimu inali bwino, mapulani ndinali nditalemba. Chomwe chinandisowetsa tulo ndi fungo. Loweruka ndinakwera matola pamsewu wa M5 mpaka pa boma, n'kugula chitini chopopera cha fungo la lavenda, chokhala ndi maluwa ofiirira pakhungu pake. Ndalama yake ikanandigulira ndiwo za sabata yathunthu. Kumbuyo kwa chitinicho kunali timalemba ting'onoting'ono ta Chingerezi. Ine mphunzitsi, amene ndimakalipira ana tsiku ndi tsiku kuti aziwerenga malangizo asanayankhe funso, sindinawerenge.

Unali mwezi wa June, mwera ukuwomba. Ndinaganiza mwanzeru zanga kuti mphepo ikalowa pazibowo zija indibera lavenda wanga alendo asanafike. Ndiye Lolemba m'mamawa ndinatenga makatoni a choko ndi mapepala a mayeso akale, n'kutseka chibowo chilichonse. Ndinapopera kutsogolo, kumbuyo, m'makona monse, pansi pa tebulo, ngakhale pa chofufutira bolodi. Nditagwedeza chitini ndinamva kuti mwatsala pang'ono, ndinatseka chitseko kuti zikhazikike, n'kupita ku asembule ndikuyenda ngati munthu woti wakwezedwa kale pantchito.

Ana atalowa, kwa kanthawi kunali zii. Fungo la usipa silinapite kulikonse. Linangokwatirana ndi lavenda n'kubala chinthu chachitatu chopanda dzina. Mnyamata wina wakumbuyo anati, "Sala, mwafa chiyani muno?" Ndisanamuyankhe kuyetsemula kunayamba, mzere ndi mzere, ena akutikita m'maso, ena atakokera malaya pamphuno. Ndinawalamula kuti akhale chete, fungoli ndi la kutauni, alizolowera.

Kenako ndinaona mtsikana wina wa mzere wachiwiri, mwana wofatsa amene sankavuta ndi kamodzi komwe. Anali atatsamira kutsogolo, manja atagwira mawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Popuma m'chifuwa mwake munkalira kamluzu kamvekere fyii, fyii, ndipo pakhosi, pamwamba pa batani loyamba la diresi, khungu linkalowa m'kati nthawi iliyonse akakoka mpweya. Ndinamufunsa chomwe chavuta. Anatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Mnzake ndiye anakuwa: "Ali ndi mphumu ameneyo!"

Ana anathamangira pakhomo nthawi imodzi, ndipo mmodzi wa iwo, amene mpaka lero sanadziulule, anafuula panja kuti aphunzitsi apopera mankhwala. Amene mukukumbuka za 2017 mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu akumati opopa magazi amayamba apopera mankhwala ofoola, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Tsono taganizirani mlendo wochokera kutali, wosakwatira, atatseka mawindo onse ndi makatoni, chitini chili m'manja. Amayi anasiya usipa pathandala. Abambo omwe anali atangogona kuchokera kunyanja anadzuka, wina atanyamula nkhafi.

Anandipulumutsa ndi amayi ena a mother group. Ananditsomphola chitini chija, n'kudzipopera pachitenje pamaso pa khamu lonse, nanunkhiza, nati, "Inu, izi ndi za m'chimbudzi cha kuhotela. Aphunzitsiwa si mfiti, angopusa chabe." Sindinayambe ndakondwerapo chotero ndi chipongwe.

Mwana tinamukweza pa kabaza wa njinga yamoto, mayi ake atamufungatira, ine ndikutsatira pa ina. Kuchipatala adokotala anatenga botolo lapulasitiki la madzi akumwa loboola kumatako, n'kulowetsapo kampope ka salbutamol. Mwana analuma kukamwa kwa botolo, iwo akufinya kampope kamodzikamodzi, iye akupuma. Patapita mphindi zingapo kamluzu kaja kanayamba kuzilala, mapewa anatsika, ndipo mawu ake oyamba anali ofunsa ngati chikwama chake chatsala m'kalasi.

Apo ndiye adokotala anatembenukira kwa ine, ndipo anandiphunzitsa mosanyengerera. Anati munthu wa mphumu njira zake za mpweya sizichedwa kukwiya. Utsi wa nkhuni, fumbi, kuzizira kwa mwera, perefyumu, mankhwala opopera udzudzu, chilichonse mwa izi chikhoza kuzitupitsa ndi kuzifinya mpaka mpweya kumavuta kutuluka. Zopopera zonunkhiritsa zambiri sizichotsa fungo, zimangolikwirira ndi fungo lina lamphamvu, ndipo timadontho take timatsala tikuyandama m'chipinda. Ngakhale amene alibe mphumu ena mutu umawawawa, ena maso amayabwa. Anandifunsa ngati mawindo anali otsegula. Ndinayang'ana pansi. Mayi a mwana ndiwo anayankha m'malo mwanga, mwatsatanetsatane, mpaka mtundu wa makatoni.

Pobwerera ndinapeza a PEA afika kale. Anali atalowa m'kalasi mwanga kuti aone okha, ndipo anali pansi pa mtengo wa mango, maso ali psuu, akuyetsemulira m'kampango. Phunziro langa sanalionerere. M'buku la alendo analemba ndime yaitali ndithu, yomwe a hedi anandiwerengera mokweza kawiri.

Lachitatu komiti ya sukulu inakhala pansi, a mfumu alipo. Pochotsa makatoni aja, bambo wina anakwera pa desiki n'kusuzumira pamwamba pa khoma, pomwe malata amakumana ndi njerwa. Anatsika atagwira mphuno. Munali mileme yosawerengeka, ndi zitosi zake zowunjikana kuyambira kalekale. Fungo lomwe linkandithamangitsira pakhomo, lomwe ine ndinkanamizira ana a eni ake ndi usipa wawo, theka lake linali limenelo. Tinakolopa, tinawaza phulusa, amisiri anamata mipata. A mfumu anagamula kuti ndilipire makabaza onse awiri ndi nkhuku imodzi yopepesera banja la mwana. Bambo ake analandira nkhukuyo, ndipo madzulo ake ananditumizira mbale ya usipa wofutsa. Ngati kunali kukhululuka kapena kundinyogodola, sindinafunse. Ndinadyera kondowole.

Sabata yotsatira ndinafunsa kalasi yonse kuti amene amabanika akweze mkono. Inakwera mikono ingapo, ina ya ana omwe ndinkawayesa aulesi akamakana kusesa fumbi. Mayina awo ndinawalemba kuchikuto kwa rejisitala, ndipo kusesa anasiya, amatunga madzi owaza pansi.

Dzina langa lenileni kunyanja kuno linatha. Kumsika, kudoko, ngakhale kutchalitchi, ndine a Lavenda. Chitini chija a hedi anachilanda, ndipo anachitsekera m'kabati ya muofesi limodzi ndi malegeni olandidwa kwa ana a Sitandade 3.