Mwala nawonso umavunda

Anthu ankadikira sitima ya Ilala padoko la Nkhata Bay pamene mkangano unabuka chakumtunda kwa msewu, pomwe mayi wina anaunjika miyala ya kwale. Mmisiri wa zomangamanga anatola mwala umodzi, kuufinya, ndipo unanyenyeka m'manja.

"Ama, ili ndi dothi. Mukufuna nyumba ya eni ake igwe?"

"Ada, ndaswa ndekha paphiri ndi hamala yanga. Mwala umavunda kodi?"

"Umavunda, Ama," anayankha mkulu wina yemwe anali atakhalira katundu wake. "Monga chinangwa cha kondowole mukachiviika."

Anthu anasendera pafupi. Mkuluyo anati mvula, yomwe kuno imagwa yambiri, imatenga mpweya wa carbon dioxide ndi asidi wa masamba owola n'kulowa m'ming'alu ya thanthwe. Mmenemo imasungunula mchere wina n'kupita nawo. Timiyala toyera totchedwa feldspar timasanduka dongo, chitsulo cha m'timiyala takuda chimachita dzimbiri. Chokanika kusungunuka ndi quartz, mchenga womwe timaponda kugombe la Chikale.

"Nanga dothi lofiira la tiyi ku Kawalazi mumati linachokera kuti? Linali thanthwe limenelija."

Mnyamata wa kabaza anafunsa za akasupe otentha a ku Chiweta, m'boma la Rumphi. Apa mkuluyo anachita kuimirira. Anati madzi amenewo amatsikira pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya chigwa chomwe muli nyanja yathuyi, n'kubwerera akutentha madigiri oposa 70. Madzi otentha satenga kokha ayi, amasiyanso zawo m'thanthwe. Ku Kangankunde, m'boma la Balaka, madzi ochokera m'chiphala cha moto zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo analowerera miyala yozungulira phirilo, kuchotsamo zina n'kuikamo potaziyamu ndi sodiyamu, mpaka miyalayo inasanduka ina. Phiri lomwelo ndi limene kampani ya Lindian ikufunako miyala ya mtengo wapatali lero.

Ine chomwe chinandikhudza ndi mayi uja. Sananamize munthu. Anaswa thanthwe lapamwamba, lomwe mvula yalidya kwa zaka zosawerengeka, ndipo thukuta lake lonse linapita pachabe poti palibe anamuuzapo zimenezi.

Inu oswa miyala, palani kaye chofiira chapamwambacho mufike pamwala wotuwa womwe umalira ukamenyedwa ndi hamala. Umenewo ndiwo wa maziko.