Ulemu kwa a Kachewere, Eni Magetsi a M'thumba

Nkhani ya magetsi ikabuka kuno kwathu, ulemu wonse umathamangira ku mtsinje wa Shire. Timatchula Nkula, Tedzani ndi Kapichira mwaulemu, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndi kulowa mumdima wa miyezi yambiri. Anthu anadandaula, mawailesi analira, ogulitsa makandulo anasekerera. Koma nthawi yonseyo m'matumba a pa Lizulu, pa Bembeke ndi pa Tsangano munali mutagona wopanga magetsi wina, wafumbi, wosasamba, wosafuna damu kapena ngongole yakunja. Lero ndaimirira kuti ndiwapatse ulemu wawo a Kachewere, amene takhala tikuwanyoza powakazinga m'chiwaya.

Choyamba, a Kachewere savuta kuwalemba ntchito. Tengani msomali wamalata, uja wotuwa wokutidwa ndi zinki, muwabaye nawo mbali imodzi. Mbali inayo mulowetse waya wa kopa wopala bwino, ndipo muonetsetse kuti zitsulo ziwirizo sizikukhudzana m'mimba mwawo. Basi, siteshoni yatha kumangidwa. Mukabwereka kamita kaja ka amisiri okonza mawailesi n'kugunditsa pa msomali ndi pa waya, kaonetsa mphamvu yoyandikira volti imodzi, kawirikawiri 0.8 kapena 0.9. Batire ya m'tochi imene mumagula pa hokala imapereka 1.5. Taganizani inu! Munthu wongochokera kumunda, dothi lili m'maso, n'kufika kupitirira theka la katundu wa ku fakitale. Salandira alawansi, safuna galimoto ya kuntchito, ndipo sanayambe wapempha msonkhano wa kunyanja.

Chachiwiri, a Kachewere amaphunzitsa umodzi. Kababu kakang'ono kofiira ka LED, kaja kamaphethira pa wailesi, kamafuna mavolti pafupifupi awiri, ndipo mbatata imodzi ya kachewere singakwanitse. Mutu umodzi susenza denga. Muyenera kundandalika zitatu, kopa wa iyi kumangirira ku msomali wa inzake, mpaka mzere wonse utagwirana. Zikatero zimitsani kandulo, tsekani chitseko, mugwade pansi, mufumbatire kababuko ndi manja onse awiri, musendeze diso pafupi. Pamenepo mudzaona kadontho kofiira. Mwana adzafuula kuti, "Ababa, kayaka!" Agogo ali pamphasa adzafunsa kuti, "Kayakira kuti, mwanawe?" Banja lonse lidzaunjikana mitu pamodzi kutsutsana ngati kayakadi kapena ndi maso chabe. Ndi liti pamene babu ya padenga inasonkhanitsa banja chomwechi? Magetsi enawa amabalalitsa anthu, wina ku kanema, wina ku foni. Kuwala kwa a Kachewere sikuthobwa m'maso, sikuitana ngumbi, ndipo mnansi wanjiru sangadziwe n'komwe kuti kwanu kukuyaka.

Chachitatu ndi kuleza mtima, khalidwe limene achinyamata alero analitaya. Foni imatchajidwa ndi mavolti asanu, choncho mbatata zisanu ndi imodzi zolumikizana zikwanira. Vuto laling'ono ndi lakuti a Kachewere amatulutsa mphamvu yawo modontheza. Tingowakomera mtima n'kunena kuti akupereka miliampu imodzi. Foni yokhala ndi batire ya 4,000 mAh idzafuna maola 4,000 kuti idzaze, kutanthauza miyezi isanu ndi masabata angapo. Mukailumikiza pokolola chimanga, mudzaimba foni mvula yoyamba ili pafupi. M'miyezi yonseyo palibe wokukumbutsani ngongole, palibe uthenga wopempha ndalama ya sopo, palibe mkangano wa pa WhatsApp. Adani a a Kachewere amati mbatatazo zidzakhala zitaola kalekale foni isanaphethire n'komwe. N'zoona, koma kodi ndi wantchito uti amene anafera pa ntchito mokhulupirika chotere? Wotchi yaing'ono ya manambala ndi kakyuleta, zimene sizidya zambiri, a Kachewere amaziyendetsa bwinobwino. Ndiye kuti mutha kuwerengera molondola masiku amene atsala kuti foni yanu idzuke.

Musawaone fumbi, a Kachewere ali pa mzere wa anthu ophunzira. Ku Italy, Luigi Galvani wa ku Bologna anaona miyendo ya chule wakufa ikuphiriphitha ataikhudza ndi zitsulo, ndipo anaganiza kuti magetsiwo ali mwa chuleyo. Alessandro Volta anatsutsa, nati chinsinsi chili m'zitsulo ziwiri zosiyana, ndipo mu 1800 anasanjikiza zinki, kopa ndi zigamba zonyowetsa m'madzi amchere, n'kupanga batire yoyamba. Pamalo pamene panali chule, kenako chigamba chonyowa, lero pakhala a Kachewere. Mu 2010 akatswiri a pa Hebrew University ku Jerusalem, pamodzi ndi mnzawo wa ku Berkeley, anapeza kuti mbatata yowiritsa kwa mphindi zisanu ndi zitatu imapereka mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi kuposa yaiwisi, chifukwa kutentha kumaphwanya timakoma ta m'kati mwake ndipo njira imatseguka. Wantchito wina aliyense mukamuika pamoto amanyanyala. Awa mukawawiritsa ndi pamene amalimbikira.

Koma ulemu waukulu koposa ndausunga pomaliza, ndipo ndi uwu: a Kachewere sapanga magetsi ngakhale pang'ono. Amene amagwira ntchito ndi msomali. Timadzi ta asidi ta m'mbatata timadya zinki wa pa msomali, zinkiyo n'kutaya maelekitironi ake, amene amathamanga m'waya, kudutsa m'kababu, kukafika pa kopa. Mbatata imangopereka njira yonyowa pakati pa zitsulo ziwirizo. Ndi dobadoba weniweni, uja woima pakhomo la ofesi, wopanda chidindo, wopanda siginecha, koma zonse zimadzera mwa iye. Mukazula msomali patapita masiku, mudzaupeza wathimbirira, chikuto chake chadyeka, gawo la mphamvu imene inagwiritsidwa ntchito kusungunula zinkiyo lathera mu kadontho kofiira kaja. Nanga ana asukulu akapambana pa chionetsero cha sayansi, chithunzi amajambula ndani? A Kachewere, atakhala pakati pa tebulo, mawaya ali mbali zonse. Msomali umatayidwa kudzala popanda ngakhale zikomo.

Ameneyu ndiye mtsogoleri. Ndimu, tomato, ngakhale kapu ya madzi amchere zingathe kugwira ntchito yomweyo, koma palibe amene amaoneka wolemekezeka pa mpandowo kuposa a Kachewere. Sanena kanthu, sasuntha, ena amatha thupi, iwo n'kulandira m'manja. Ambiri amapita kusukulu zaka zochuluka kuti aphunzire luso limeneli, pamene iwo anabadwa nalo m'mizere ya ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Chenjezo ndi limodzi lokha. Mbatata imene yabayidwa msomali ndi kumwa zinki siidyedwanso, ndiye muyenera kusankha, kuunika kapena kukhuta, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Amayi a m'nyumba sachedwa nako kusankha kumeneku. Akapeza mbatata zawo zitatu zili ndi mawaya, funso lawo limakhala lalifupi: "Bambo, ndiye ana adya magetsi?" Galvani, Volta ndi akatswiri a ku Jerusalem onse pamodzi alibe yankho la funso limenelo.

Choncho ndikupempha a boma kuti pa mwambo wotsatira wopereka mamendulo, a Kachewere asaiwalidwe. Awaitanire kutsogolo, gulu la oimba malipenga liwombe, ndipo mendulo yawo ikhale ya kopa. Poikoloweka pachifuwa chawo agwiritse ntchito msomali wamalata, kuti ngakhale pa tsiku laulemulo apezeke wina wowagwirira ntchito.