Mapoyinti, Mafumu a Pansi pa Boneti

Pikapu ya Ford F-1 ya 1950 ikagona zaka 30 m'shedi kuseri kwa nyumba ku California, sifa kamodzin'kamodzi ayi. Imafa chiwalo ndi chiwalo. Matayala amaphwa n'kung'aluka m'mbali. Petulo wotsala m'thanki amasanduka phala lonunkha ngati vanishi. Mbewa zimamanga zisa m'mpando, zina mpaka mu ekizozi. Mabuleki amagwirana ndi dzimbiri, batire n'kuuma gwa. Ndiye tsiku lina pamabwera mdzukulu wa mwini wake, kapena munthu amene wangoigula ataiona pa chithunzi, n'kuisisita paboneti akuti: iyi iyendanso.

Ikadzayendadi, anthu adzaiunjirira pamsewu. Adzayamikira penti yofiira psu, mapaipi onyezimira, makabureta awiri a Stromberg 97 okhala pamwamba pa injini ngati mapasa, ndi zivindikiro za aluminiyamu zolembedwa Edelbrock. Zonsezo ndimazikonda, sindikana. Koma lero chipewa ndikuvulira tizitsulo tiwiri tokhala mumdima, pansi pa chivindikiro cha distributa, timene amakaniko amati mapoyinti. Tonse tiwiri, pamodzi ndi kamkono kake, tingabisale m'chikhatho cha mwana. Mtengo wake sufika n'komwe pa wa tayala limodzi. Komabe ndikunenetsa kuti m'galimoto yonseyo, kuyambira ku bampala mpaka kumchira, mulibe china chofika pa ulemerero wa mapoyinti.

Galimoto zakale zowonjezeredwa ukali chonchi amazitcha hot rod, ndipo kwawo ndi kum'mwera kwa California. M'zaka za m'ma 1930 anyamata a m'matumba mopepuka ankagula ma Ford akutha, kuwachotsa madigadi ndi chilichonse cholemera, n'kupita nawo ku Muroc ndi ku El Mirage, nyanja zouma za m'chipululu cha Mojave, kukaona kuti ya ndani ithamanga kuposa inzake. Mu 1937 magulu awo anapanga bungwe la Southern California Timing Association kuti liwiro liziyezedwa mwadongosolo. Mu Januwale 1948 Robert Petersen anatulutsa magazini ya Hot Rod, ndipo m'chaka chomwecho Ford inayamba kugulitsa F-1. Poyamba mapikapu anali antchito chabe, onyamula zida ndi kukankha galimoto zampikisano kuti zilire. Kenako eni ake anayamba kuwatsitsa pansi, kuwapenta malawi a moto ndi kuwawonjezera ukali, wantchito n'kukhala mwini phwando.

Mtima wa zonsezi unali injini imodzi, ya masilinda 8, imene Ford inatulutsa mu 1932 n'kuipanga ku America mpaka 1953. Amaitcha flathead chifukwa mavalavu ake ali m'mbali mwa masilinda, m'thupi la injini momwemo, ndiye pamwamba pake pamangokhala chitsulo chafulati. Ya mu F-1 ndi ya malita pafupifupi 3.9. Ili ndi zofooka zake: utsi wotentha umadutsa m'kati mwa thupi lake usanatuluke, n'chifukwa chake imakonda kuwiritsa madzi ngakhale ili ndi mapampu amadzi awiri. Koma mawu ake! Kumbali iliyonse masilinda awiri apakati amatulutsira utsi pakhomo limodzi, ndipo injiniyi ikamalira imagunda mokhuthala ngati ng'oma yaikulu yomveka kutsidya la mtsinje. Amene anati tsabola wakale sawawa sanaimepo pambali pa flathead ikuyaka.

Wodzutsa pikapu yotere amagwira ntchito miyezi. Amatsitsa thanki n'kuitsuka, kusintha mapaipi a mabuleki, kuthira timafuta m'masilinda kuti mapisitoni amasuke, kuphwasula makabureta n'kuwamanganso. Zimenezi ndi khama ndi ndalama, ndipo sinditayapo nthawi. Ndikuthamangira tsiku lija, tsiku limene zonse zatha, batire yatsopano ili m'malo, anansi atsamira mpanda. Munthu uja amakhala pachiwongolero, kutembenuza kiyi, kudina batani la sitata. Injini imatembenuka, ng'wee, ng'wee, ng'wee. Zii. Amayesanso. Zii. Petulo alipo, akuchita kununkha. Mpweya ulipo. Mapisitoni asanu ndi atatu akukwera ndi kutsika mokhulupirika. Koma ndi mudzi wodzaza nkhuni, madzi ndi ufa, wopanda munthu mmodzi wokhala ndi machesi.

Makaniko wodziwa sachedwa. Amazula waya wa pulagi, kuuyandikiza ku chitsulo, n'kupukusa mutu: palibe moto. Amatsegula chivindikiro cha distributa, kuchotsa rota, ndipo apo ali, mafumu athu aja, atakhala phee. Sanathyoke. Sanatenthe. Angovala kautoto kotuwa ka zaka 30 kumaso kwawo, kopyapyala kuposa khungu la anyezi. Kautoto kameneko ndi kamene kagwira galimoto yolemera kuposa tani imodzi kuti isasunthe. Ndiuzeni, ndi nduna iti, ndi msilikali uti, amene akangophethira dziko lonse limaima chonchi?

Mvetserani mmene amagwirira ntchito, chifukwa ulemerero wawo wagona pamenepa. Batire ya pikapu imeneyi, monga inatulukira ku fakitale, ndi ya mavoti 6 okha. Ford inasamukira ku 12 mu 1956. Mavoti 6 sangadumphe mpata wa pulagi, ngakhale mutawapempha chotani. Ndiye magetsi amalowa mu koyilo, n'kudutsa pa mapoyinti atatsekana. Nthawi imeneyo koyilo imadzaza mphamvu ya maginito, ngati munthu wokoka mpweya asanafuule. Pakati pa distributa pamazungulira kachitsulo ka makona 8. Kona ikafika, imakankha kamkono, mapoyinti n'kulekana. Njira ya magetsi imaduka mwadzidzidzi, mphamvu ya maginito ija n'kugwa, ndipo m'kugwa kwakeko mawaya opyapyala a mu koyilo amabala mavoti masauzandemasauzande. Rota imaloza silinda imene yafika nthawi yake, moto n'kuthetheka pa pulagi, petulo n'kuphulika.

Taonani chodabwitsa chake. Moto subadwa mapoyinti akakhudzana. Umabadwa akalekana. Akakhudzana amasonkhanitsa, akalekana amapereka. Ndakhala ndikuganizira zimenezi kwa zaka zambiri ndipo sizinandikwanebe. Chitsulo chilichonse m'galimoto chimagwira ntchito pokoka, pokankha kapena pogwiritsa, koma awiriwa amabala mphezi mwa kungosiyana mpata wochepa kuposa theka la milimita.

Nzeru imeneyi tinailandira kwa Charles Kettering wa ku Dayton, ku Ohio, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Delco. Njira yake ya batire, koyilo, mapoyinti ndi kondensa inalowa mu Cadillac ya 1910. Anthu amamukumbukira kwambiri chifukwa cha sitata yamagetsi ya mu Cadillac ya 1912, imene inapulumutsa mikono ya anthu ku chogwirira chopukusira injini. Ndikuvomereza kuti sitata ndi mphatso. Koma sitata imagwira ntchito masekondi atatu n'kukagona ulendo wonse. Mapoyinti sagona. Kwa zaka zoposa 60, pafupifupi galimoto iliyonse ya petulo padziko lapansi, ya mfumu ndi ya mlimi, ambulansi ndi yonyamula maliro, inkayenda chifukwa tizitsulo tiwiri tinkawomba m'manja mumdima.

Tiwerengere limodzi. Mu injini ya masilinda 8, mapoyinti amalekana kanayi injini ikazungulira kamodzi. Pikapu ikamayenda mosathamanga, injini ikuzungulira ka 2,000 pa mphindi, ndiye kuti mapoyinti akutseguka ka 8,000 pa mphindi imodzi. Pa ola limodzi ndi ka 480,000. Ndipo sikungotseguka chisawawa. Pali ndondomeko yake, 1, 5, 4, 8, 6, 3, 7, 2, ndipo silinda iliyonse imalandira moto wake pa nthawi yake, osachedwa, osafulumira. Ndi woimba ng'oma uti amene anamenyapo ka 480,000 osaphonya, popanda womuwombera m'manja, popanda womufupa? Mtima wa munthu, umene timautamanda m'maulaliki ndi m'makalata achikondi, umagunda ka 70 kokha pa mphindi.

Nkhope zawo ndi za tungsten, chitsulo chimene chimasungunuka pa madigiri 3,422, mochedwa kuposa chitsulo china chilichonse. Pamafunika chitsulo cholimba chotere, pakuti nthawi iliyonse akalekana kamoto kamafuna kudumpha pakati pawo n'kuwadya. Pambali pawo pali kondensa, kachitini kofanana ndi chala, kamene kamameza kamoto kameneko kuti nkhope zisapse. Nakonso kayenera ulemu, monga mlangizi wokhala kumbuyo kwa mfumu. Kondensa ikalephera mudzaona pa mapoyinti pomwepo: mmodzi amatuluka kachulu, mnzake n'kukumbika kadzenje, ngati wina wapereka mnofu wake kwa mnzake. Ngakhale pokalamba awiriwa amakalamba mogawana.

Tsono tibwerere kwa munthu wathu, amene waima ndi rota m'manja, anansi ayamba kubalalika. Mankhwala ake ndi otani? Sakusowa kompyuta, sakusowa kuitanitsa katswiri kuchokera ku Detroit. Amatenga kafayilo kopyapyala n'kukadutsitsa pakati pa nkhope ziwirizo kangapo. Sandipepa amamupewa, chifukwa amasiya timchenga timene timapsereza tungsten. Kenako amadutsitsa kapepala kolimba koyera mpaka katatuluka kopanda litsiro. Amatembenuza injini ndi dzanja kuti kamkono kakwere pamwamba pa kona, kumasula kasikulu, n'kuyeza mpata: mainchi 0.015, pafupifupi mamilimita 0.4. Wopanda choyezera amang'amba chikuto cha machesi a pepala, chimene makulidwe ake amayandikira pamenepo, ndipo anyamata a ku California anafika nacho kwawo usiku kambirimbiri. Pomaliza amapaka kagirizi, kochepa ngati mutu wa machesi, pa kachitsulo ka makona kaja kuti kamkono kasadyeke.

Apa owerenga a kwathu, makamaka achikulire, akumwetulira, chifukwa akuzidziwa. Hot rod ndi ya ku America, koma mapoyinti ndi a tonse. Peugeot 404, Datsun ndi Land Rover zakale zimene zinkanyamula anthu ndi matumba a chimanga m'misewu yafumbi zinali nawo omwewa. Ine ndinakulira pafupi ndi galaja ya pansi pa mtengo wa mango, ndipo mawu oyamba a zamagalimoto amene ndinaphunzira anali a bambo wina wa ovolosi yakuda ndi oyilo, akuuza mnyamata wake kuti: “Iwe, usanaphwasule kabureta, tayamba waona mapoyinti.” Mnyamata wa ku Mojave ndi makaniko wa pansi pa mango sanaonanepo, koma onse awiri anawerama mofanana, sikuludiraiva kumanja, kapepala kukamwa, pamaso pa mafumu omwewa.

Ndikudziwa chimene ena anene. Mapoyinti amatha. Kamkono kamadyeka, mpata n'kuchepa, nthawi ya moto n'kusokonekera, ndipo mwini galimoto ayenera kumawayendera kawirikawiri. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1970 Chrysler, Ford ndi General Motors anawasiya n'kuika tizipangizo tamagetsi topanda chokhudzana. Lero ambiri odzutsa mapikapu akale amagula kabokosi kakuda kolowa m'malo mwa mapoyinti, n'kumati apumula. N'zoona, kabokosiko sikafuna girizi, ndipo moto wake ndi wamphamvu. Koma tsiku limene kadzafe, kadzafa osatsanzika, pakati pa msewu, ndipo simudzakatsegula, simudzakapala, simudzakanyengerera. Mudzangodikira galimoto yokoka. Mapoyinti satero. Akayamba kutopa amakuuzani: injini imavuta kudzuka m'mawa, imatsokomola pokwera phiri, imadumphadumpha. Amadwala poyera ngati munthu waulemu, kuti abale akonzekere. Ndipo ngakhale atafooka chotani, mukawapala pang'ono pambali pa msewu amadzuka n'kukufikitsani kunyumba. Kuwayendera kumene ena amadandaula nako, kwa ine ndi ubale. Chinthu chimene sichikufunani, nanunso simuchidziwa.

Munthu uja wabwezera rota, watseka chivindikiro, wapukuta manja pathalauza. Wakoka choko. Wadina batani. Ng'wee, ng'wee, kenako phu! Utsi wabuluu, zinyalala za chisa cha mbewa zikuuluka kuchokera mu ekizozi. Phu, phu, gudugudu, ndipo flathead yagwira, shedi yonse ikunjenjemera, fumbi la zaka 30 likugwa kudenga. Anansi abwerera akuthamanga. Wina akuloza makabureta, wina akufunsa mtengo wa penti, wina akujambula ndi foni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akuyang'ana kachivindikiro kakuda kutsogolo kwa injini, kumene awiri aja ayambanso kuwomba m'manja, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ngati sanagonepo.

Inu amene muli ndi galimoto yakale yogona kuseri kwa nyumba, kaya ndi F-1 ku California kaya ndi 404 kumudzi, ndikupempheni ichi: mukadzatsegula distributa, musadzathamangire kuzula mapoyinti n'kuwaponya kudzala. Apaleni, ayezeni mpata, apakeni kagirizi kawo, ndipo ena atsopano muwasunge m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi kondensa ndi sikuludiraiva.