Mmene mungaphere nsomba zanu ndi mpweya wogula

Munthu wamba amatulutsa carbon dioxide (CO2) m'mphuno mwake kwaulere. Inu ndinu apamwamba, choncho mukagule wa m'silinda, kuti zomera za m'thanki ya nsomba zikule ngati za Takashi Amano, mkulu wa ku Japan amene anaphunzitsa dziko kulima dimba pansi pa madzi.

Mukakadzazitsa silinda kwa odzaza zozimitsira moto, musayang'ane deti losindikizidwa pakhosi pa silinda. Akakana poti yakhalitsa osayesedwa, akalipireni. Iwo akungoopa kuphulika, inu mukuopa zomera kufota. Pobwerera isiyeni m'galimoto yotseka mawindo masana a mu Okutobala. Kutentha kukapitirira madigiri 31, mpweya wa m'silindamo sukhalanso wamadzi, mphamvu imakwera, ndipo kachitsulo kotetezera kakhoza kung'ambika n'kumwaza ndalama zanu zonse mwamkokomo. Kunyumba musapake madzi a sopo polumikizira. Thovu lingakuuzeni kuti pakudontha, mtima n'kukupwetekani chabe.

Tsono mverani apa. Khulupirirani geji ya mphamvu ya mpweya wa m'silinda ndi mtima wonse. Malinga mkati muli CO2 wamadzi, muvi umaima pakati pa 800 ndi 900 psi osagwedezeka, kaya silinda ndi yodzaza, kaya mwatsala supuni imodzi, ngati wangongole amene amamwetulira mpaka tsiku lothawa. Anthu amantha amaika silinda pasikelo n'kuchotsera kulemera kwa chitsulo kolembedwa pakhosi pomwepo, chifukwa mpweyawu amaudzaza poyeza makilogalamu. Inu zimenezo ayi. Dikirani muvi uyambe kugwa. Ngati regulator yanu, chipangizo chochepetsa mphamvu ya mpweya wotuluka m'silinda, ndi yotchipa, ya siteji imodzi, ikhoza kukhuthulira wotsalawo m'madzi kamodzin'kamodzi, ndipo m'mawa mudzapeza nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa. Muwauze alendo kuti zikukupatsani moni. Ya masiteji awiri imaletsa zimenezi, koma ndalamazo bwanji osagulira nsomba zina zolowa m'malo?

Kagalasi kotchedwa drop checker kali ndi mitundu itatu: buluu ndiye kuti mpweya wachepa, kubiriwira ndiye wakwana, pafupifupi 30 ppm, chikasu ndiye wanyanya. Sankhani chikasu, chimaoneka bwino pa Facebook. Kamankhwala ka mkatimo kamatenga pafupifupi maola awiri kuti kasinthe mtundu, ndiye inu muzipotokola needle valve, kampopi kowonjezera kapena kuchepetsa mpweya, mphindi zisanu zilizonse, mukudandaula kuti sikakugwira ntchito.

Zomera zimagwiritsa ntchito CO2 pakakhala kuwala basi. Usiku nazonso zimapuma oxygen, kulimbirana ndi nsomba. N'chifukwa chake ena amagula solenoid ndi taimala kuti mpweya uzitsekeka nyale zisanazime. Kuwononga ndalama kumeneko! Usiyeni uzituluka mpaka tambala woyamba.

Zonsezi zikakanika, ikanimo mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi, zimene azungu amazilimbirana ku Ulaya. Zinazolowera miyala ndi madzi a pH yokwera, pamene CO2 amatsitsa pH. Komanso zimakumba mchenga n'kudya zobiriwira, moti dimba lanu lonse lidzakhala likuyandama silinda isanafike ndi theka lomwe.